Kupanga Magemu Kapena Kulemba Mabuku a Nthano m'Chijapanizi: Muyambe ndi Chiti?

Funso: "Ndinamaliza maphunziro a zamakompyuta ndipo Chijapanizi ndachiphunzira kwa zaka ziwiri. Mayeso a JLPT, oyeza luso la Chijapanizi, ndinakhoza pa mlingo wa N3. Mtima wanga wagawanika: ndikufuna kupanga magemu, komanso ndimalakalaka kulemba mabuku a nthano okhala ndi zithunzi aja a ku Japan, m'Chijapanizi chenichenicho. Ndikaweruka kuntchito ndimakhala ndi maola awiri okha pa tsiku. Ndisankhe chiti?"

Yankho: M'bale wanga, pa N3 komanso ndi maola awiri pa tsiku, yambani ndi gemu, ndipo gemu yoyambayo ikhale yaing'ono, ya nkhani. Kulemba m'Chijapanizi musakusiye, koma pakali pano mukutenge ngati maphunziro a zaka zingapo, osati ntchito yoti ikudyetseni posachedwa. Mukathamangira zonse ziwiri ndi mphamvu zofanana, zidzakhala za ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chifukwa chake n'chakuti ntchito ziwirizi zimavutira pa malo osiyana. Gemu imavutira pa kuimaliza, ndipo vuto limeneli mungathane nalo chaka chino. Buku limavutira pa chilankhulo, ndipo chimenecho sichithamangitsidwa.

Tiyambe ndi mabukuwo, poti ndi kumene anthu ambiri amayembekeza zosiyana ndi zimene zilipo. Ku Japan amawatcha light novel, mwachidule ranobe. Ambiri amasindikizidwa pa kakulidwe ka bunko, masentimita pafupifupi 10.5 m'lifupi ndi 15 m'litali, kabuku kolowa m'thumba la jekete. Buku limodzi limakhala ndi zilembo pafupifupi 100,000 kapena kuposerapo pang'ono, masamba ochepa a zithunzi zamitundumitundu koyambirira, ndi zithunzi zopanda utoto pafupifupi khumi m'kati mwa nkhani. Kawirikawiri zithunzizo sajambula ndi wolemba. Wojambula amasankhidwa ndi mkonzi wa kampani yosindikiza, ndipo kampaniyo ndiyo imamulipira. Wolemba amapereka malongosoledwe a anthu ake: msinkhu, tsitsi, zovala, khalidwe. Choncho ngati chimene chimakukopani ndi zithunzi, dziwani kuti ntchito yanu pano idzakhala mawu basi.

Makomo olowera ndi awiri. Loyamba ndi mipikisano ya olemba atsopano imene makampani amachititsa chaka ndi chaka. Wotchuka kwambiri ndi wa Dengeki Bunko, pansi pa kampani yosindikiza ya Kadokawa, umene unayamba mu 1994. Mphoto yaikulu ndi mayeni 3 miliyoni ndipo zolemba zimabwera masauzande angapo. Kwa zaka zambiri malamulo ake ankafuna masamba 80 mpaka 130, tsamba lililonse la mizere 34 ya zilembo 42. MF Bunko J, GA Bunko, Fujimi Fantasia Bunko ndi Gagaga Bunko alinso ndi mipikisano yawo. Malamulo amasintha, ndiye muziwerenga a chaka chimenecho mpaka kumapeto. Cholakwa chimene chimachotsetsa anthu nkhani yawo isanawerengedwe n'komwe ndi kutumiza nkhani imodzimodziyo ku mipikisano iwiri pa nthawi imodzi, kapena kupitirira malire a zilembo. Reki Kawahara anagwa m'vuto lachiwirili mu 2002: nkhani yake ya Sword Art Online inatalika kuposa malire a Dengeki, iye n'kuiika pa tsamba lake la intaneti. Anadzapambana mpikisanowo mu 2008 ndi nkhani ina, ndipo yoyamba ija inasindikizidwa mu 2009, patapita zaka 7.

Khomo lachiwiri ndi masamba a intaneti omwe aliyense amaikapo nkhani kwaulere: Shōsetsuka ni Narō, lomwe linayamba mu 2004, ndi Kakuyomu la Kadokawa, la mu 2016. Kumeneko anthu amaika chigawo cha zilembo 2,000 mpaka 4,000, ambiri tsiku lililonse pamene nkhani ikungoyamba. Pa Narō, wowerenga akasunga nkhani yanu pa mndandanda wake mumapeza mapointi 2, ndipo akaipatsa nyenyezi zonse zisanu mumapeza 10. Mapointiwa ndiwo amakweza nkhani pa mndandanda wa tsiku, ndipo akonzi amasaka olemba pamwamba pa mndandandawo. N'chifukwa chake maina a nkhanizi amakhala ataliatali ngati chiganizo chathunthu: pamndandanda palibe chithunzi chapachikuto, dzinalo ndilo liyenera kuuza munthu zonse zimene akapezemo.

Tsopano chilankhulo, pomwe pagona nkhani. N3 ndi pakati pa makwerero asanu a JLPT. N1, yomwe ili pamwamba, imayeza kuwerenga ndi kumva. Mayesowa alibe gawo lolemba nkhani ngakhale pang'ono. Zilembo za kanji (zochokera ku Chitchaina) zimene boma la Japan linaika pa mndandanda wa zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku zilipo 2,136, ndipo olemba nthano amapitirira pamenepo. Sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la America imawerengera maola pafupifupi 2,200 a m'kalasi kuti wolankhula Chingerezi afike pogwira ntchito m'Chijapanizi. Pa maola awiri pa tsiku, zimenezo ndi zaka zitatu zosapuma, ndipo pamenepo mwangofika potha kulemba lipoti la kuofesi, osati mawu oseketsa kapena oliritsa munthu.

Chovuta kwenikweni si kanji ayi, koma malankhulidwe a anthu a m'nkhani. Mu ranobe zokambirana zimatha kuyenda tsamba lonse popanda "anatero uje". Wowerenga amazindikira amene akulankhula pomva mmene akudzitchulira ndi mmene akutsirizira ziganizo. Mnyamata waukali amati ore, wofatsa amati boku, mtsikana womasuka amati atashi, nkhalamba ya m'nthano imati washi, ndipo mwana wa mfumu angati watakushi. Onsewa akutanthauza "ine". Katswiri wa zilankhulo Satoshi Kinsui anatcha malankhulidwe otere yakuwarigo. Mwamwayi, wolankhula Chichewa ali ndi khutu la zimenezi: mukudziwa kale kuti mkamwini akauza apongozi ake kuti "iwe" m'malo mwa "inu", ndiye kuti pachitika chinthu chachikulu ngakhale asananene china chilichonse. M'Chijapanizi makwerero oterewa ndi ambiri, ndipo mtsikana akasiya kuitana mnzake ndi dzina la bambo n'kuyamba kumuitana ndi dzina lake lenileni, chimenecho chingakhale chimake cha buku lonse. Mawu oyerekeza phokoso ndi maonekedwe nawonso simudzawaona achilendo. Kumene ife timati m'nyumba munali zii, iwo amati shiin. Mtima ukamagunda amati dokidoki. Koma kudziwa kuti chinthu chilipo n'kosiyana ndi kuchiika pamalo pake ka 100,000 osapunthwa. Kusokoneza timawu ta galamala "wa" ndi "ga", kapena kulola nkhalamba ija ilankhule ngati buku la sukulu, wowerenga wa ku Japan amakumva m'ndime yoyamba n'kutseka nkhaniyo. Kumasulira ndi makina kumawononga malo omwewa, chifukwa anthu onse amatuluka akulankhula mofanana.

Palinso malamulo a kalembedwe amene oweruza amaonera ngati munthu amawerenga mabuku: ndime imayamba ndi mpata wa chilembo chimodzi, timadontho tosonyeza kukakamira mawu timalembedwa magulu awiri otsatana, sipaikidwa mpumiro chizindikiro chotsekera mawu olankhulidwa chisanafike, ndipo pambuyo pa chizindikiro cha funso kapena mfuu pamasiyidwa mpata. Izi mungaziphunzire m'tsiku limodzi, choncho musaluzire pamenepo.

Kodi mlendo zingamutheke? Zimatheka, koma onani zaka zake. Li Kotomi wa ku Taiwan anayamba kuphunzira Chijapanizi ali ndi zaka 15 ndipo analandira mphoto yotchuka ya zolembalemba ya Akutagawa mu 2021, ali ndi zaka 31, komanso kanji ankazidziwa kale kuchokera ku chilankhulo cha kwawo. Yuu Kamiya, wolemba ranobe amene amajambulanso yekha zithunzi zake, anabadwira ku Brazil koma anasamukira ku Japan ali mwana.

Za ndalama, masamu ake ndi osavuta. Wolemba amalandira pafupifupi 8 mpaka 10 peresenti ya mtengo wa buku, kuchulukitsa ndi chiwerengero cha mabuku osindikizidwa. Tiyerekeze kuti buku ndi la mayeni 700, asindikiza 10,000, ndipo gawo lanu ndi 10 peresenti: mwapeza mayeni 700,000 msonkho usanachotsedwe. Kwa munthu wosakhala ku Japan, kampani imadula 20.42 peresenti pokhapokha ngati pali pangano la misonkho pakati pa dziko lake ndi Japan lochepetsa mlingowo. Buku lachiwiri limafunika pakangotha miyezi itatu kapena inayi, ndipo ngati loyamba silinagulidwe bwino m'masabata oyambirira, nkhaniyo amaidula pa buku lachiwiri kapena lachitatu. Ndi chifukwa chake akonzi amalangiza olemba atsopano kuti asasiye ntchito imene ali nayo.

Ku magemu zinthu zili mwina. Luso lalikulu muli nalo kale, ndipo silidalira chilankhulo: pulogalamu yoyenda bwino imayenda bwino ku Osaka ngati ku Lilongwe. Zipangizo zake zambiri n'zaulere. Godot ndi yaulere kotheratu, ndi yopepuka, ndipo imayenda pa laputopu wamba. Unity imagwiritsa ntchito C# ndipo makampani ambiri a magemu a pafoni ku Japan amaigwiritsa ntchito, choncho ndi yothandiza ngati mukufuna kudzalembedwa ntchito. Unreal imafuna kompyuta yamphamvu. Pa gemu yoyamba isiyeni kaye.

Chimene chimapha magemu a oyamba kumene ndi kukula kwa maloto. Munthu amalemba dziko la mizinda khumi, nkhondo, malonda, kusewera ndi anzake pa intaneti, kenako miyezi isanu ndi umodzi imatha akukonza mmene munthu wa m'gemu amatsegulira chitseko. Chifukwa chake n'chakuti chinthu chilichonse chimene mwawonjeza chimakhudzana ndi zonse zimene zilipo kale, ndiye ntchito yoyesa imakula msanga kuposa ntchito yopanga. Daisuke Amaya anatha zaka zisanu akupanga yekha Cave Story pa nthawi yake yopuma asanaitulutse mu 2004, ndipo imeneyo ndi gemu ya zithunzi zing'onozing'ono zachikale. Kusunga ndi kubwezeretsa pomwe wosewera wafika, mindandanda ya zosankha, kusintha kukweza kwa mawu, kukonza zolakwika pa makompyuta a anthu ena: zonsezi sizisangalatsa, koma zimadya gawo lalikulu la nthawi, ndipo ndi pamene ambiri amagwera ulesi.

Msika nawo ndi wodzaza. Pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pakompyuta, panatuluka magemu oposa 14,000 m'chaka cha 2023 chokha. Kuikapo gemu imodzi ndi madola 100, omwe amabwezedwa gemuyo ikapanga madola 1,000. Mukalipira mumadikira masabata angapo, ndipo tsamba la gemu liyenera kuonekera kwa anthu kwa masabata osachepera awiri musanayambe kugulitsa. Valve, kampani ya Steam, imatenga 30 peresenti ya zimene mwagulitsa. Ngati mukukhala ku Malawi kapena ku Zambia, pa zimene mwagulitsa ku America amadulanso msonkho wa 30 peresenti, chifukwa maikowa alibe pangano la misonkho ndi America monga lilili la South Africa kapena Britain. Kumbukiraninso kuti wogula angabweze gemu m'masiku 14 ngati sanaisewere kupitirira maola awiri, choncho gemu yaifupi kwambiri si yabwino kuiyambira pa Steam. Yoyamba iikeni pa tsamba la magemu la itch.io, komwe kuika n'kwaulere.

Ngati cholinga chanu n'kukakhala ku Japan, kusiyana kwa njira ziwirizi kumaonekera poyera. Kampani ya magemu ingakulembeni ngati wolemba mapulogalamu n'kukuthandizani kupeza viza ya akatswiri a zaumisiri, imene kawirikawiri imafuna digiri yogwirizana ndi ntchitoyo kapena zaka 10 mukuigwira. Ngati maphunziro anu anali a dipuloma, fufuzani mfundo imeneyi msanga. Maphunziro olipiridwa ndi boma la Japan a MEXT, omwe amafunsiridwa kudzera ku ofesi ya kazembe wa Japan, ndi njira imodzi yokwezera mapepala. Mwa ntchito za m'kampani, ya mapulogalamu ndi ya zojambula ndizo zimalolera Chijapanizi chapakatikati. Ya planner, amene amalemba mmene gemu iyendere, ndi ya wolemba nkhani zimafuna chilankhulo chakupsa. Wolemba ranobe si wantchito wa kampani yosindikiza. Amalipidwa pa buku, ndipo kusaina pangano la buku limodzi sikumupatsa chilolezo chokhala m'dzikomo.

Ndiye n'chifukwa chiyani ndikuti gemu ya nkhani? Pali mtundu wa magemu wotchedwa visual novel umene uli pakati penipeni pa zokhumba zanu ziwiri: mawu, zithunzi za anthu, malo, nyimbo, ndi zosankha zochepa. Ku Japan mtundu umenewu uli ndi mbiri ya timagulu tating'ono togulitsa tokha pa Comiket, msika wa zopanga anthu wamba umene unayamba mu 1975 ndipo umachitikira ku Tokyo Big Sight kawiri pa chaka. Gemu ya mtundu umenewu yotchedwa Higurashi inayambira kumeneko mu 2002, ndi zithunzi zojambulidwa ndi wolemba wake yemwe. Ubwino wake kwa inu ndi wakuti chithunzi ndi dzina pa bokosi la mawu zimasenza katundu amene m'buku amasenzedwa ndi chilankhulo chokha: wowerenga akuona amene akulankhula, akuona nkhope yake, akuona malo. Mukulemba zokambirana zambiri ndi malongosoledwe ochepa, ndipo malongosoledwe ndiwo amavuta kwambiri kwa wophunzira.

Miyezo yake ikhale iyi. Gwiritsani ntchito Ren'Py, pulogalamu yaulere yopangira magemu oterewa, yomangidwa pa Python. Mawu ngati label, show ndi menu mudzawagwira m'sabata imodzi. Nkhani ikhale ya mphindi 30, zomwe ndi zilembo pafupifupi 15,000, poti wowerenga wa ku Japan amawerenga pafupifupi zilembo 500 pa mphindi. Anthu atatu, aliyense ndi maonekedwe a nkhope asanu, ndiye nkhope 15 pa matupi atatu. Malo anayi. Nyimbo zitatu. Mathero awiri okha, ndipo nthambi zizibwererana msanga: zosankha khumi za mbali ziwiri zosabwererana zimabala njira 1,024, zomwe simungazilembe kapena kuziyesa. Mwezi woyamba lembani nkhani yonse m'chilankhulo chimene mumaganiziramo, n'kuiyendetsa mu Ren'Py ndi mabokosi opanda kanthu m'malo mwa zithunzi. Musagule chithunzi ngakhale chimodzi nkhani isanakhazikike, chifukwa chigawo chimene mudzachotse chidzapita ndi ndalama zanu. Mwezi wachiwiri lembani Chijapanizicho nokha, osamasulira mzere ndi mzere koma kufunsa kuti munthu uyu akananena bwanji. Zilembo 500 pa tsiku zikukwanitsa 15,000 m'masiku 30. Musanayambe, lembani pepala limodzi la munthu aliyense: amadzitcha chiyani, ena amawatcha chiyani, ziganizo zake zimatha bwanji. Mwezi wachitatu ndi wa zithunzi, kuyesa, ndi kupatsa Mjapani mmodzi kapena awiri kuti akonze. Muwapemphe asamangokonza koma azilemba chifukwa chake, pakuti phindu lanu lenileni lili m'zifukwazo.

Pali misampha ingapo ya Chijapanizi pa kompyuta. Zilembo zimene Ren'Py imayamba nazo mukatsegula ntchito m'Chingerezi zilibe kanji, ndiye mudzaona timabokosi topanda kanthu. Ikani Noto Sans JP kapena Source Han Sans, zomwe chilolezo chake chimalola kugulitsa. Onetsetsani kuti ndi mtundu wa Chijapanizi, osati wa Chitchaina, chifukwa kanji zina zimalembedwa mosiyana pang'ono ndipo osewera a ku Japan amaona msanga n'kuganiza kuti gemuyo inapangidwa mosasamala. Khazikitsaninso malamulo odulira mizere kuti mpumiro kapena chizindikiro chotsekera chisayambe mzere. Ren'Py ili ndi kasankhidwe ka japanese-normal ka ntchito imeneyi. Zithunzi mukaitanitsa kwa ojambula a pa masamba a intaneti a Coconala kapena SKIMA, pangano linene momveka kuti n'zololedwa m'gemu yogulitsa, ndipo mupemphe nkhope zikhale pa magawo osiyana ndi thupi. Skeb, tsamba lina lotere, njotsika mtengo nthawi zina, koma malamulo ake salola kukambirana kapena kupempha zosintha, choncho siyoyenera anthu a m'gemu. Ntchito yonse isungeni ndi Git, chida chosunga mbiri ya zosintha, kuyambira tsiku loyamba, ndipo muziitumiza pa intaneti mukamaliza tsiku lililonse. Laputopu ikafa kapena magetsi akathima fayilo ikulembedwa, miyezi itatu isathere pamenepo. Ngati mumafuna wokukakamizani nthawi, NaNoRenO imachitika mwezi wa March ndipo ndi yopanga visual novel m'mwezi umodzi.

M'kati mwa zonsezi, pa maola awiri aja patulani mphindi 30 zowerenga ranobe m'Chijapanizi, ndi kope lolembamo ziganizo zimene zakugwirani mtima pamodzi ndi amene wazinena. Ndikanakonda muwerenge mabuku osachepera 30 musanaganize zotumiza chilichonse ku mpikisano. Mukafika pa N2, yambani kuika nkhani zazifupi za zilembo 3,000 pa Kakuyomu kapena Narō. Pa Narō siyani chotsegula chida cholola owerenga kukutumizirani zolakwika zimene apeza. Amakuonetsani mzere weniweniwo ndi mmene akanaulembera.

Miyezi itatu ikatha, kumbukirani mmene ntchito inayendera ndi kuwerenga masiku. Ngati masiku amene munapitirira maola awiri osazindikira anali a kukonza mapulogalamu, kusintha kayendedwe ka zithunzi ndi kuthamangitsa zolakwika, gemu yachiwiri ikhale mu Godot kapena Unity, yokhala ndi kaseweredwe kenikeni, ndipo muyambe kusonkhanitsa ntchito zoonetsa makampani. Ngati anali masiku amene munalimbana ndi mzere umodzi wa zokambirana mpaka usiku, ndipo mapulogalamu munkangowapirira, sinthani kagawidwe ka nthawi: ola ndi theka ku Chijapanizi, theka ku Ren'Py, cholinga chikhale N1 kenako nkhani yathunthu ya zilembo 100,000 yoikidwa pa intaneti chigawo ndi chigawo. Musayambe kuika mpaka mutakhala ndi zigawo 20 zolembedwa kale, kuti sabata imene mwadwala kapena ntchito yachuluka isadule nkhaniyo owerenga atangoyamba kuizolowera.